Banyira pa Mbedza

Panali mayi wina dzina lake Nangondo, ndipo tikumupeza ali m'munda, khasu lili m'manja. Unali mwezi wa Okutobala. Nthaka inali itauma gwa. Khasu likamenya linkalira ngati lagunda mwala, fumbi n'kumulowa mpaka m'mano. Anali atayamba kuunga mizere kutangocha. Dzuwa litakwera anaponya khasu paphewa, anakatunga ndowa ziwiri za madzi, anasamba mwachangu, n'kukhala pakhonde kupala zala zake ndi mwala. Anapala mpaka khungu lokhakhala lija litasalala, kenako anadzola mafuta.

Sikunali kudzikongoletsa. Ntchito yake yachiwiri sinkafuna manja a khasu. Ulusi umene ankagwira unali wopyapyala ngati wa kangaude, ukakodwa pa chala chong'ambika unkaduka.

Mudzi wawo unali m'munsi mwa phiri. Pamwamba pa phirilo pali mitsinje yozizira, madzi ake oyera mbee, ndipo mumakhala nsomba zamawangamawanga. Alendo amachokera kutali kudzaziwedza. Sagwiritsa ntchito nyongolotsi. Nyambo yawo ndi yabodza, yomangidwa pa mbedza penipenipo ndi ulusi ndi nthenga. Musandifunse chifukwa chimene munthu amakwerera phiri lonselo, kugwira nsomba, n'kuibwezeranso m'madzi. Sindikudziwa, ndipo si nkhani yathu.

Pamwambapo panali nyumba ya alendo. Kwa zaka zambiri bwana wa nyumbayo ankaitanitsa nyambo zimenezi kunja. Koma panali bambo wina wachikulire, a Chikopa, amene ntchito yawo inali kuperekeza alendo kumitsinje. Iwo ndiwo anapita kwa bwanayo n'kumuuza kuti amayi a kumudzi kwawo angathe kumanga nyambozo. Bwana anavomera kuyesa, koma kamodzi kokha: nyambo mazana asanu ndi limodzi, pa masabata awiri, nyengo yowedza isanatsegulidwe. Zikakhala zabwino, ntchitoyo ikhala ya amayiwo chaka ndi chaka. Zikalephereka, tebulo lawo lomangirapo nyambo litsekedwa, ndipo a Chikopa asadzaitchulenso nkhaniyo.

A Chikopa anasankha amayi asanu ndi mmodzi. Anawaphunzitsa masiku atatu m'chisakasa cha udzu, kenako anayenera kubwerera kuphiri kukatchetcha njira za m'mbali mwa mitsinje. Anawasiyira mbedza, ulusi, tizitsulo topanira mbedza patebulo, ndi thumba la nthenga za nkhwali zimene anasonkhanitsa kwa alenje chaka chathunthu. Anasiyanso kapepala.

Nyamboyo inali yosavuta. Thupi lake linali ulusi wofiira ngati papaya wakupsa, wokulungidwa pa mbedza. Pakhosi pake pankakhala nthenga imodzi yofewa. Basi. Sinkafanana ndi kachilombo kalikonse kamene mungatchule dzina. Ntchito yake inali kungooneka ngati chinthu chamoyo, kuti nsomba ifune kudziwa.

Pa kapepala paja panalembedwa kuti: Nthenga imodzi. Sosolani mbali imodzi. Zungulizani kamodzi ndi theka. Mangani, dulani.

Nangondo ndiye anakhala kumutu kwa tebulo. Anali atamaliza sukulu ya kwacha, ankawerenga mosadodoma, ndipo zala zake zinali zachangu kuposa za onse. Asanayambe ntchitoyi anagulitsa tomato pamsika zaka khumi ndi zisanu, ndipo anatchuka ndi chinthu chimodzi: banyira. Munthu akagula mulu umodzi, iye ankaponyamo tomato awiri ena asanapemphedwe. Anthu ankadutsa mabenchi anayi kuti akagule kwa iye. Ankakonda kunena kuti dzanja lake silidziwa kuumira, ndipo ankanena zoona.

Tsiku limene a Chikopa anachoka, Nangondo anawerengera anzake kapepala kaja mokweza, osaphonya liwu. Anamanga nyambo yoyamba monga munalembedwera. Anaichotsa pa chitsulo, n'kuikweza poyera.

"Taonani, anzanga. Kakungokhala ngati kamwanapiye kodwala chitopa. Munthu achoke kutsidya kwa nyanja, akwere phiri, ife timupatse titsitsi tisanu ndi titatu? Atiyesa anthu otani?"

Anatenga mbedza ina. Sanasosole nthenga. Anaizunguliza katatu, yonse yathunthu. Anayang'ana, mtima sunakhutire, anatenganso nthenga yachiwiri n'kuimangira pamwamba pa inzake.

"Ameneyo ndi banyira," anatero.

Kunena zoona, nyamboyo inakongola. Inatukumuka ngati duwa. Amayi anaomba m'manja.

Mmodzi yekha sanaombe. Anali Abiti Jali, mayi wofatsa amene ankakhala kumapeto kwa tebulo. Iye sankadziwa kuwerenga. Masiku atatu aja anangoyang'anitsitsa zala za a Chikopa.

"Koma a Chikopa sanatero," anatero chapansipansi.

"A Chikopa ndi mwamuna, mayi. Munamuonapo mwamuna wodziwa kupakulira alendo ndiwo?"

Onse anaseka. Abiti Jali anadikira kuti kuseka kuthe.

"Nanga nthenga zikatha?"

"Zikatha akatipatsa zina. Nkhwali zinatha m'tchire?"

Kuyambira pamenepo tebulo lonse linatsata dzanja la Nangondo. Abiti Jali akamanga yake yowonda, Nangondo ankaibweza. "Abiti Jali, kodi kwanu mlendo mumamupatsa fupa lokhalokha? Onjezerani!" Ndipo iye ankaonjezera, pakuti sankakonda mapokoso.

Anali masiku abwino, zimenezo tisabise. M'mawa kumunda, masana kutebulo. Misana inkawawa, maso ankatuluka misozi, koma m'chisakasamo munkamveka nyimbo ndi miseche yosapweteka munthu. Amayi amene anazolowera kusenza nkhuni kuchokera kuphiri tsopano ankagwira ntchito atakhala pansi, pamthunzi. Wina anati mwamuna wake wayamba kumupatsa moni m'mawa. Chitini cha mabisiketi chimene ankasungiramo nyambo chinkadzaza tsiku ndi tsiku, chokongola ngati dengu la maluwa a paukwati.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, nyambo zitakwana mazana atatu, Nangondo anapisa dzanja m'thumba la nthenga n'kupeza fumbi.

Anapsa mtima. Anati a Chikopa awapatsa nthenga zoperewera. M'mawa mwake sanapite kumunda. Anasenza chitini chija n'kuyamba kukwera phiri. M'mutu mwake munali zinthu ziwiri: akaonetse bwana ntchito yawo kuti aiyamikire, ndipo akawauze a Chikopa mawu awiri atatu.

Anakwera maola anayi. Anawapeza a Chikopa m'mbali mwa mtsinje, chikwakwa chili m'manja.

"Mwafulumira, mayi. Kwagwanji?"

"Kwatha nthenga, bambo. Munatipatsa za theka."

Anatula chitini n'kuchivundukula, akudikira kuti amve kuyamika. A Chikopa anayang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala m'katimo pang'onopang'ono, mpaka anatulutsa kamodzi kowonda, ka titsitsi towerengeka.

Nangondo anachita manyazi. "Kameneko kalowamo mwangozi. Ndi ka Abiti Jali. Ndipatseni ndikataye."

"Dikirani kaye."

Anatenga kowondako ndi ina yotukumuka, anazimanga zonse ziwiri pa kachingwe, n'kupita pamene madzi ankayenda mofatsa pamwamba pa mchenga.

"Bwerani. Gwadani apa."

"Ine ndabwerera nthenga, bambo, sindinabwerere mapemphero."

"Gwadani basi."

Anagwada. Madzi anali ozizira mpaka m'mafupa. A Chikopa anatsitsira kachingwe kaja m'madzi, pafupi ndi maso ake.

Nyambo ya Nangondo inayamba yakana kumira. Inayandama ngati chinyalala. Itanyowa, nthenga zonse zija zinamatana, zinakuta thupi lofiira lija, ndipo chinatsala ndi kampira kotuwa, kolendewera pa chingwe ngati kachidutswa ka bulangete. Madzi ankakakankha, iko osasuntha nthenga ndi imodzi yomwe.

Pambali pake, ka Abiti Jali kanali kamoyo. Titsitsi towerengeka tija tinkatambasuka n'kufumbatanso, kutambasuka n'kufumbatanso, ngati miyendo ya kachilombo kamene kakulimbana ndi madzi. Tikatambasuka, kufiira kuja kunkaonekera. Tikafumbata, kunkabisika. Nangondo ankadziwa bwino kuti ndi ulusi ndi nthenga chabe. Komabe dzanja lake linafuna kukagwira.

Anali atamanga nyambo zochuluka kuposa aliyense. Aka kanali koyamba kuona ngakhale imodzi ili m'madzi.

A Chikopa anatenga ndodo yawo yowedzera. Anamangirira yotukumuka ija, anaponya padziwe kakhumi. Madzi anangoti zii. Anasintha, anamangirira kowonda kaja. Ataponya kachitatu, chingwe chinati thi, ndodo inapindika, nsomba inadumpha ikung'anima padzuwa. Anaikoka, anaimasula mbedza, n'kuibwezera.

"Banyira ameneyu munkamupatsa ndani, mayi?"

"Mlendo."

"Mlendo sadya nthenga. Wodya ali m'madzimu. Iye safuna zambiri, amafuna zoyenda."

Nangondo anakhala pamwala, akufinya chitenje chake.

Kenako a Chikopa anati, "Ndisakubiseni kanthu. Bwana sawedza. Mukamuonetsa chitini ichi azikonda, kuposa zowondazo. Azilandira lero lomwe, ndipo akuyamikani pamaso pa antchito onse. Geti lake ndi ilo. Zidzadziwika patsogolo, alendo akadzabwerako chimanjamanja kawiri katatu. Akadzafunsa kuti nyambozi zachokera kuti, tebulo lanu latha."

"Nthenga zina palibe?"

"Zija zinali za chaka chonse. Nkhuku yathadzi yamawanga ingathandize, nthenga za pakhosi ndi pamsana. Tambala ayi, zake n'zolimba."

"Masiku atsala angati?"

"Mukatsika lero, asanu."

Nangondo anavundikira chitini. Anachisenza. Njira yotsikira inkadutsa pageti penipeni pa nyumba ya alendo, ndipo bwana anali ataima pakhonde ndi kapu m'manja. Bwanayo anamupatsa moni, n'kufunsa kuti m'chitinimo muli chiyani.

"Ntchito yosatha, bwana," anatero, osaima.

Atafika kuchisakasa anapeza anzake akumudikira. Sanazungulire nkhani.

"Anzanga, ndakusocheretsani ndine. Kapepala ndinawerenga bwino, koma sindinamvere. Zonsezi n'zakufa."

Anaitanitsa beseni la madzi, anaviikamo yotukumuka ndi yowonda ija, n'kuvundula ndi chala kuti aliyense adzionere yekha. Kenako anatenga lezala, anapana nyambo yake yoyamba ija pa chitsulo, n'kuidula mpaka panatsala mbedza yokhayokha.

Mayi wina anagwira m'mutu. "Mayo ine, masiku asanu ndi atatu! Bwanji tingometa nthengazo ndi sizasi, zichepe?"

Amene anayankha anali Abiti Jali. "Nsonga ya nthenga ndiyo imasewera m'madzi. Mukaimeta, chatsala ndi tsache. A Chikopa ananena tsiku loyamba."

Nangondo anamuyang'ana. Anaimirira, n'kukankha mpando wake.

"Abiti Jali, khalani apa. Ine ndiziwerenga kapepala, inu muzitionetsa zala."

"Iii, a Nangondo, ine kumutu kwa tebulo?"

"Khalani, mayi, nthawi ikutha!"

Tsiku limenelo anadula zonse mazana atatu. Pansi pa tebulo panadzaza nthenga za nkhwali zosagwiranso ntchito, ndipo mphepo inaziulutsa.

Panatsala nkhani ya nkhuku. Amayi awiri anati apereka zawo. Nangondo anakana. Anati wolakwa ndi iye, nkhuku zikhale zake. Anali ndi mathadzi anayi amawanga, onse oikira mazira. M'mawa mwake anapha atatu. Nthenga anazisosola zouma, mosamala, anazitsuka n'kuziyanika pa lichero. Nyama anaigawa kwa anzake asanu aja, ndipo pamenepo dzanja lake linapeza pogwirira ntchito yake. Wina anati akanadziwa kuti kulakwa kwa Nangondo kumabwera ndi ntchafu, akanamusiya alakwe kalekale.

Kumunda sanapitenso. Ankakhala patebulo kuyambira m'mawa mpaka maso atakana. Nyambo yowonda imamangika msanga, koma dzanja lozolowera kuonjezera silisiya tsiku limodzi. Nangondo akazunguliza kamodzi ndi theka, zala zake zinkafuna kupitirira zokha. Abiti Jali, osakweza mutu n'komwe, ankangoti, "Basi, a Nangondo." Ndipo iye ankamanga n'kudula, akulumira mano.

Kutatsala tsiku limodzi anaona kuti nthenga zikwanira mazana asanu okha. M'khola munatsala thadzi limodzi, lalikulu kuposa onse, ndipo linali likufungatira mazira khumi ndi awiri. Kunatsala sabata imodzi kuti aswe.

Abiti Jali anati, "Tiyeni tingopereka mazana asanuwo, tikapepese. Nkhuku yofungatira saipha."

"Bwana anati mazana asanu ndi limodzi, ndipo anati kamodzi kokha. A Chikopa anaikapo dzina lawo."

Nangondo ananyamuka n'kupita kukhola.

Tsiku la pangano litafika, amayi onse asanu ndi mmodzi anakwera phiri. Bwana atavundukula chitini anachita tsinya, n'kufunsa ngati nthenga zinawathera. A Chikopa sanatsutsane naye. Anangomupempha kuti apite nawo kumtsinje, n'kumuuza kuti agwade. Amayi anabisa nkhope m'zitenje kuti asaoneke akuseka.

Chaka chimenecho alendo anagwira nsomba, n'kuzibwezera, n'kugwiranso. Tebulo silinatsekedwe. Linachita kutalikitsidwa, ndipo Nangondo anakhala pambali pa Abiti Jali zaka zambiri, akuwerenga mapepala a nyambo zatsopano, wokhutira ndi malo ake.

Tsopano inu amene mwakhala apa, ndimvereni, sindibwereza. Ambiri a inu muli ndi dzanja la Nangondo, ndipo ndi dzanja labwino. Sindikuti muyambe kuumira. Ndikuti musanaonjezere, dziwani kaye amene adye. Pali kupatsa kumene kumadyetsa wolandira, ndipo pali kupatsa kumene kumangodyetsa mbiri ya wopatsayo. Patebulo ziwirizi zimafanana. Zimasiyana m'madzi. Choncho ntchito ikachoka m'manja mwanu, kaya ndi msoko, kaya ndi mankhwala a mwana, kaya ndi feteleza paphando, itsatireni kumene ikupita. Mugwade, muone. Ndipo muchite zimenezo tsiku loyamba, osati lachisanu ndi chinayi.

Pakuti Nangondo anaphunzira, inde, koma osati mwaulere. Chaka chimenecho ana ake sanalawe dzira. Ndipo mazira khumi ndi awiri aja, atawafunira thadzi lina mudzi wonse n'kulisowa, anawanyamula yekha ali ozizira, n'kukawakwirira kuseri kwa khola.